Njira ya Pakati pa Damu

Tinafika pa esiteti ina ku Mkanda matipate atangoyamba kumene, ine ndi bambo akunyumba, kudzalima fodya ngati matenanti. Pakati pa nyumba zathu ndi msewu wa kusikelo panali damu lalikulu lothirira nazale. Eni dera ankalizungulira, ulendo wautali wotopetsa. Ife obwera tinkangodula pakati, madzi akulekeza m'chiuno, maso ali pa mtengo wa bulugamu wa tsidya linalo. Mwezi ndi mwezi ndinkawoloka pamenepo, mwana wanga wamkazi ali kumsana, khadi la kusikelo nditalimangira m'duku.

Tsiku lina bambo wina wa m'mudzi wapafupi, mlimi wa mtedza, anandiimitsa.

"Mayi, mukuponda posapadziwa. Pansi apo si pathyathyathya ayi."

"Bambo, damu ndi beseni basi," ndinatero. "Kapena mukuopa kunyowetsa thalauza?"

Pakamwa panga panali polongolola masiku amenewo, sindikana.

Patapita zaka zingapo kunagwa chilala, damu lija n'kuphwa. Tinathamangira komweko kukagwira milamba m'matope otsala. Nditaima m'mphepete, ndinamwaza maso m'damumo. Pansi paja panali dziko lenileni: zulu, zitsa, mizere ya dimba la munthu, ndi chigwembe cha mtsinje wakale chikukhotakhota. Njira yathu ija inali kamtumbira chabe, kosakwana kuyalapo mphasa, uku dzenje, uku chigwembe.

Mphunzitsi wina wa kutchalitchi kwathu anali pomwepo ndi ndowa yake. Ataona ndangoti kakasi anati, "Ngakhale nyanja zamchere zili chomwechi, mayi. Muli mapiri ndi zigwa. Nthaka sithera pagombe, imapitirira. Madzi amangodzaza malo otsika n'kubisa zonse."

Ndinamva, koma mtima sunali pa nyanja zamchere. Mwana uja, amene tsopano ankayenda yekha, anali atandipulumuka n'kutsetserekera m'chigwembemo kutsata anzake. Ndinathamanga kukasuzumira. Anali m'munsi, akuseka, matope mpaka m'masaya. Pambali pake panaima mwamuna wamtali ndithu akufukula milamba, koma mutu wake sunkafika n'komwe pamene panali mapazi anga.

Ndinakhala pansi pa kamtumbira komweko, chitenje m'matope.

"Amama," anakuwa mwanayo kuchokera pansipo, "mukulira chiyani?"