Kachipinda ka Matsache

Kunsi kwa masitepe a nyumba ina yakale ya mashopu kuli kamalo kopanikiza, koti munthu wamtali sangaimirire bwino. M'menemo ndi momwe amagwirira ntchito a Duu, okonza mawailesi. Dzinali anawapatsa ndi mayi wa telala amene amasoka pakhonde pomwepo, chifukwa bamboyu akhoza kutha tsiku lonse ali duu, ngati mawu amachita kugula. Anthu amawaseka kuti ntchito yawo ndi yolankhulitsa zinthu zakufa, koma pakamwa pawo pomwe sanapeze wopakonza.

Ukabwera ndi wailesi sakufunsa kuti yatani. Amaigwedeza pafupi ndi khutu, kuitsegula kumbuyo, n'kuuzira fumbi. Mphemvu zikatuluka m'katimo amangokuyang'ana, iwe n'kuchita manyazi wekha. Ikangoyamba kulira amaitsitsa msanga, chifukwa phokoso sagwirizana nalo. Ena amati ndi matama, ena amati ndi ulesi wa pakamwa. Onsewo sadziwa komwe munthuyu anakulira.

Bambo awo anachoka iwo akukwawa, ndipo sanabwerenso. Mayi awo anatsala okha m'tauni mopanda mbale, m'chipinda chimodzi cha lendi. Atazunzika kwambiri anapeza ntchito yokolopa m'nyumba yaikulu ya maofesi. Kapitawo wake anali munthu wosaseka ndi aliyense, ndipo tsiku loyamba lomwelo anawauziratu kuti kuntchito kuno si kolerera ana. Mayiwo anavomera ndi mutu. Koma mwana akanamusiya ndi yani?

Choncho m'mawa uliwonse ankafika anthu asanabwere, n'kumulowetsa mwanayo m'kachipinda kosungira matsache ndi zidebe. Ankamuyalira katoni kuseri kwa zigubu za sopo, kumusiyira madzi m'botolo ndi kachitini kokodzeramo, kenako n'kugwada kuti maso awo alingane.

"Usalire, usaimbe, usatsokomole. Wamva, mwanawe? Akakumva, tonse tigona panja."

Munalibe zenera. Kuwala kunkalowera kunsi kwa chitseko, ndipo mwanayo anaphunzira kuzindikira anthu ndi nsapato zawo. Kutsegula chitseko pafupipafupi kukanawagwiritsa, ndiye mayiwo anapeza njira yawo. Akamadutsa ndi chidebe ankamenya chitsekocho kawiri ndi mtengo wa tsache, ngati mwangozi. Kumeneko kunali kunena kuti ndilipo. Mwanayo ankayankha pokanda thabwa ndi chikhadabo, kamodzi kokha. Anakanda bwino kwambiri moti kapitawo uja anagula mankhwala a makoswe n'kuwamwaza yekha pakhomo pa kachipindako. Tsiku limenelo mayiwo anawatola kamodzikamodzi ndi manja, misozi ikugwera pasimenti yomwe anali atangokolopa.

M'kachipinda momwemo ndi momwe ntchito ya a Duu inabadwira. Bwana wina anataya kawailesi kakufa, mayiwo n'kukatola m'zinyalala kuti mwana azisewera nako, poti kanali kachidole kosalira. Iye anakamasula ndi msomali wophwanya kunsonga, n'kukabwezeretsa, n'kukamasulanso, mpaka anadziwa waya aliyense ndi zala, maso osawafuna. Atayamba sukulu aphunzitsi ankamuyamikira kuti ndi mwana waulemu. Sunali ulemu ayi. Mwanayo ankangoona ngati akakweza mawu, penapake patseguka chitseko.

Anakula, anaphunzira ntchito kwa mkulu wina wokonza zamagetsi, kenako anapeza kamalo kawo. Oti asankhe analipo malo ena owala bwino, koma iwo anakonda kunsi kwa masitepe. A Duu anawachotsa mayi awo pa ntchito yokolopa mawondo atayamba kuvuta, n'kuwapezera chipinda cha zenera lalikulu. Iwo eni anakwatira mkazi wabwino, wokonda kucheza. Banjalo linatha popanda ndewu ngakhale imodzi, ndipo mwina vuto linali lomwelo.

"Ine ndatopa kukwatiwa ndi khoma," anatero mkaziyo akumanga katundu. "Bola mukanamanditukwana."

A Duu anamunyamulira chikwama mpaka pokwerera basi.

Mawa lake mayi awo anabwera kumashopu kuja, n'kukhala pabenchi la telala. Ankalankhula motsitsa, koma makutu a munthu wokulira m'kachipinda samaphonya kanthu.

"Mwana uyu ndinamuwononga ndine, anzanga. Ndinamutsekera ngati mbuzi mpaka mawu anamuumira m'kamwa. Lero akhala yekha chifukwa cha ine."

A Duu anali atawafulatira, chowotcherera waya chili m'manja. Mtima unawapweteka koopsa. Anafuna kutembenuka kuti anene kuti si choncho, kuti popanda kachipinda kaja onse awiri akanafera mumsewu, kuti palibe munthu padziko amene amamuthokoza kuposa iwo. Koma sanatembenuke. Anati adzanena mawa. M'malo mwake anawagulira bulangete. Chaka china anawagulira mpando wofewa, china magalasi a maso. Mayiwo ankalandira ndi manja awiri, koma nkhope yawo inali ya munthu amene akulandira zinthu kwa yemwe anamulakwira. Lamlungu lililonse ankakhala awiriwo pansi pa zenera lija, kumwa tiyi, wina osayang'ana mnzake, mpaka tiyi kutha.

Zaka zinapita choncho. Ndiye tsiku lina mayiwo anagwa akusesa pakhomo, mbali imodzi ya thupi n'kufa, pakamwa n'kupotoka. Kuchipatala anawagoneka pabedi lachitsulo pafupi ndi khomo, maso otseka, osayankha aliyense. Anesi anati nthawi yatsala yochepa.

"Achimwene, kalankhuleni nawo amayi anu," anatero mayi wa telala uja, ulendo uno osaseka. "Zija ananena pabenchi apa munazimva, musandinamize. Mukufuna apite nazo?"

A Duu anatseka kamalo kawo dzuwa lili pamutu n'kupita. M'wodimo munali phokoso la anthu odzaona odwala, ena akupemphera, ena akutsegula mabakuli. Iwo anakhala pampando, mawondo akugunda bedi, n'kuyesa. "Amayi." Mawuwo anatuluka ang'ono, ndipo nkhope ya mayiwo sinasinthe. Anayesanso, osaphula kanthu. Anachita mantha kuti achedwa, kuti munthu amene anabwera kudzamuuza uja wachoka kale, patsala thupi lokha.

Nthawi yomweyo panadutsa mayi wokolopa m'wodi, akukoka chidebe chake. Mtengo wa chokolopera unagunda mwendo wa bedi. A Duu, amene maso awo anazolowera kuona tinthu ting'onoting'ono, anaona chala chimodzi cha dzanja lamoyo lija chikugwedezeka pansalu.

Anadikira wokolopayo apitirire. Kenako anapinda chala, n'kugogoda chitsulo cha bedi kawiri.

Panapita kanthawi. Chikhadabo cha mayiwo chinakanda nsalu, kamodzi.

A Duu anasendeza mpando, n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu la mayi awo. Mawu awo anali osasa, ngati wailesi yomwe yakhalitsa osayatsidwa.

"Amayi, ndine. M'kachipinda muja sindinkaopa. Ndinkadziwa kuti mudutsa. Tsiku lonse ndinkangomvetsera chidebe chanu, ndipo simunalephere ngakhale tsiku limodzi. Simunandiwononge, Amayi. Munandisunga. Zikomo."

Atayamba sanathenso kuleka. Anawauza za nsapato zomwe ankaziona kunsi kwa chitseko, za fungo la sopo lomwe mpaka lero limawakhazika mtima pansi, za mankhwala a makoswe aja, kuti anawaona akutola. Odwala a pabedi loyandikana anasiya kudya n'kumamvetsera. Msozi unatsika m'diso limodzi la mayiwo n'kulowa m'khutu, mwana wawo n'kuupukuta ndi chala chakuda ndi ntchito. Belu lotulutsa alendo litalira, anesi anawayang'ana n'kuwasiya.

Mayiwo anamwalira sabata yomweyo.

A Duu akadali kunsi kwa masitepe kuja, ndipo sanasanduke munthu wolongolola. Mawailesi akuchepa masiku ano, anthu akumvera pafoni, moti nthawi zina tsiku limatha osabwera munthu. Lamlungu amamwa tiyi okha. Koma mayi wa telala anaona chinthu chimodzi chomwe sanauzepo aliyense kupatula ine. Madzulo akatseka kachitseko kawo, a Duu amagogoda thabwa kawiri, n'kuima pang'ono mutu uli chopendekera. Kenako amakhoma loko n'kumapita kwawo.