Makhadi a Nkhosa

Chinali chitini chofiira cha fodya wa azungu, ndipo munkakhala makhadi a bambo. Ankachibisa kudenga, pamene mayi ankasunga mbewu ya nandolo. Ndinachitsegula kamodzi, ndikunyambita khadi limodzi kuti ndimve ngati inki imatsekemera. Lilime linada masabata atatu. Wotsutsa abwere ndimuonetse, kunsonga kudakali kwakuda.

Tinkakhala pa malo a esiteti, kumunsi kwa minda ya tiyi, nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe. Makolo anga anachokera kwa Apwitikizi, ndipo anapatsidwa pomanga nyumba ndi kamunda ka chimanga posinthana ndi thangata. Mayi ankathyola tiyi. Bambo ankakhoma mabokosi a tiyi ku shedi, ochuluka moti mukanawasanjikiza mukanasuzumira phiri la Mulanje pamutu. Akaweruka ankapala mipando ndi zitseko zawozawo kuseri kwa nyumba. Kapitawo ankadziwa, pajatu kwawo ankakhalira mpando umene anapala bambo. Mzungu mwini esiteti sankaona chinthu chimene sichinalembedwe.

Anatiwononga ndi malume. Anabwera kuchokera ku Halale mvula itangoyamba, atavala jekete lalikulu moti mapewa ankalowa m'nyumba eni ake akadali pabwalo. Anatulutsa kakhadi ka telala wina wa kumeneko, nanena kuti mmisiri wopanda khadi ndi wantchito chabe, ngakhale apale mpando wa mfumu. Bambo anakagwira m'mbali ngati kowotcha, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanalinso athu.

Mawu analemba ndi aphunzitsi, Lamulungu masana pansi pa mtengo wa mapeyala. Bambo ankafuna palembedwe zonse: mipando, zitseko, matebulo, mabokosi a maliro, ndiponso kuti samwa mowa. Aphunzitsi anati khadi si ulaliki. Mabokosi a maliro anachotsa ndi mayi, ati munthu wamoyo sumupatsa m'manja pepala lomuitanira kumanda. Panatsala dzina, ntchito ya ukalipentala, ndi malo: esiteti yakuti, kumunsi kwa shedi. Mayi anati malowonso achoke, anthu akutidziwa kale. Malume anaseka mpaka jekete linatsala likugwedezeka lokha.

Wodinda mabuku ku mishoni analandira kabati m'malo mwa malipiro. Bambo anapempha chithunzi cha mpando, koma iye anali ndi zitatu zokha: mngelo woliza lipenga, chingalawa cha Nowa, ndi nkhosa. Chingalawa, chomwe ndi ntchito ya matabwa, chinakula kuposa khadi. Mngelo anaopsa bambo. Bambo anabwera ndi makhadi a nkhosa, yonenepa bwino, ikuyang'ana dzina lawo ngati ikufuna kulidya. Makhadiwo ankanunkha parafini ndi utsi, ndipo nyumba yonse inanunkha ulemerero.

Kwathu chinthu chatsopano suyamba nacho wekha. Chimanga chikacha, choyamba chimapita kwa mwini nthaka, kenako mudye. Bambo anati khadi loyamba nalonso ndi la mwini nthaka. Mayi anawagwira malaya, malaya anang'ambika, iwo anavala ena. Anapita ku ofesi, anavula chipewa, anagwada, napereka khadi ndi manja awiri. Mzungu anawerenga, nafunsa kudzera mwa kapitawo kuti mipandoyo amapala nthawi yanji ndiponso pa malo a yani. Bambo anayankha zonse mwaulemu, nawonjeza zina zimene sanafunsidwe. Anabwera akumwetulira, ati bwana waika khadi m'thumba la pamtima.

Makhadi ena anakagawa pa siteshoni ya sitima ku Luchenza. Anthu ambiri sankawerenga, anangoona nkhosa. Kunabwera bambo wina wa ku Chimaliro kudzafuna nkhosa yamphongo. Kunabwera mayi wina atakoka mbuzi kuti aifule. Wina anagwada pakhomo kupempha mapemphero. Ndikulumbira pali manda a mayi anga, wofuna mpando sanabwere ndi mmodzi yemwe.

Amene anabwera ndi kapitawo. Anakana madzi, anakana mpando, anayankhula chiimire. Anati bwana wanena kuti munthu wokhala ndi bizinesi yakeyake safunika malo a esiteti, tichoke mwezi usanathe. Bambo anamukumbutsa za mpando uja.

"Achimwene," anatero kapitawo, "ine ndakhala ndikutsinzina zaka zonsezi. Inu mwapita kukamutsegula maso mzungu, chogwada, ndi manja awiri. Nditani ine?"

Malume anali atabwerera kale ku Halale, iwo ndi jekete lawo. Aphunzitsi analemba kalata yopepesa ya Chingelezi chokoma kwambiri, imene inakathandiza kuyatsira moto wa tiyi wa bwana. Masiku ano abale amati bambo anali opusa. Ine ndimati anali aulemu, ndipo pa esiteti mphotho ya ziwirizi inali imodzi.

Tinapeza malo ku Changata, potsetsereka moti nkhuku ikaikira dzira tinkakalitola kumtsinje. Ine ndinkakondwa. Ndinauza anzanga onse kuti tikusamuka chifukwa bambo atchuka mpaka azungu akuwadziwa dzina.

M'mawa wa tsiku lochoka, bambo anazula chitseko chimene anapala okha, nachisenza pamutu. Katundu anali atamangidwa, koma mayi sankaoneka. Ndinakawapeza m'munda. Chimanga chinali chofika m'mawondo, chobiriwira ngati chopaka, ndipo iwo anali atawerama ndi khasu, akupalira mzere ndi mzere, mame atanyowetsa nsalu. Ndinaganiza kuti aiwala.

"Amayi, tikupita lerotu. Chimangachi sitinyamula."

"Ndikudziwa," anatero osadzutsa mutu. "Kawauze adikire, kwatsala mizere iwiri."

Ndinathamanga kukawauza bambo, ndikuseka njira yonse.