Mayina a m'kope la Fainala

Pamudzi pathu kwa Wimbe, mkazi amene anafika Fomu 4 ndine. Setifiketi ilipo m'sutikesi, yokutidwa ndi pulasitiki. Ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi mlembi ndine, ndipo makuponi a feteleza atayamba, komiti ya pamudzi sinavutike kufuna wogwira cholembera. Dzina langa ndi Louisa. Koma nkhaniyi ndi ya mlamu wanga Fainala, mkazi wa mlongo wanga Grey, munthu wolekezera Sitandade 7, amene ndinamuchitira nsanje zaka zisanu ndi zinayi osapumira.

Fainala anabwera chitengwa kuchokera kwa Santhe chaka cha 1999. Anali wamfupi, wosayankhulayankhula, wa khasu lolimba. Ndinkamuona ngati mkazi wamba basi, mpaka tsiku lina atalowa m'nyumba mwanga kudzabwereka sefa, maso ake n'kugwera pa katoni yomwe ndinkaikapo nyale. M'katonimo munali mabuku a nkhani zopeka. Malemu bambo anali mlonda pa sekondale ina ku Boma, ndiye aphunzitsi akamasamuka ankawasiyira mabuku osafuna kunyamula. Ambiri analibe zikuto, ndipo ena masamba otsiriza anawang'amba amuna opichirira chingambwe.

"Alamu, mabukuwa munawerenga onse?" anandifunsa.

"Kalekale," ndinayankha.

Linali bodza. Ine ndinkawerengera mayeso, ndipo mayeso atatha, buku lililonse linkangondibweretsera tulo pa tsamba lachitatu. Ndinatola limodzi lapamwamba n'kumupatsa. "Yambani ndi ili, ndi labwino."

Patapita masiku anayi anabwera nalo, maso akuwala. "Kodi alamu, mayi wogulitsa mchere uja anachita bwino kubwerera kwa mwamuna wake? Ine zandivuta mumtima." Ndinati kukubwera mvula, ndikaanule ufa. Kunja kunali dzuwa lang'ang'a.

Chaka chimenecho Grey atagulitsa fodya ku okushoni, akazi ena pamudzi ankadikira zitenje kwa amuna awo. Fainala anapempha kope la chikuto cholimba. M'kopemo ankalemba buku lililonse lomwe wamaliza: nambala, tsiku, kenako mayina a anthu a m'nkhanimo motsetsereka m'munsi, popeza mitu ya mabukuwo inapita ndi zikuto. Munthu amene akanamupatsa mpando pakhomo pake ankamuchonga. Amene sakanamubwereka ngakhale mchere ankamuthetha, monga achitira aphunzitsi. Buku likakhala loti mapeto ake anasutidwa, ankalemba yekha mapeto, mizere iwiri kapena itatu. Kopelo sankaonetsa anthu. Ine ndinkalidziwa chifukwa ankabwera kudzandifunsa mawu a Chingerezi omuvuta, ndipo pamenepo pokha ndi pamene ndinkamva kuti ndine Louisa.

Katoni itatha, anayamba kubwereka kwa aphunzitsi a kupulaimale ndi kwa azaumoyo. Kenako mlangizi wa zaulimi, amene nayenso anali ndi matenda omwewo a mabuku, anayamba kumaima ndi njinga yake yamoto pakhomo pa Grey, kusiya buku n'kutenga lina. Fainala ankawerenga masana akaweruka kumunda, pansi pa mtengo wa mango, mwana ali kumsana. Ine ndikadutsa ndinkati, "Nyemba zipserera, aphunzitsi." Iye ankangoseka. Nyembazo sizinapsererepo, ndipo nazonso zinkandiwawa.

Chomwe chinandidya moyo kwenikweni ndi nyengo yosoka fodya. Mu Febuluwale masamba akathyoledwa, ntchito ndi kukhala m'chigafa tsiku lonse, kusoka n'kupachika, manja ali bii ndi utomoni. Munthu mmodzi sungathe, ndiye timathandizana. Fainala, wosayankhula uja, akagwira singano ankayamba kufotokoza zomwe wawerenga. Sankakometsera ndi mawu ambiri ayi, koma ankadziwa polekezera. Nkhani ikafika pokoma ankati, "Kwada, zotsalazo mawa." M'mawa mwake chigafa cha Grey chinkadzaza mpaka ena kusowa chosoka, pamene kwanga mulu wa masamba ukutentha pansi.

Amuna anga a Benjamin ndi mkamwini wofatsa, woti m'nyumba mwathu mawu amatulutsa ngati ogula. Tsiku lina ndili ndekha m'chigafa changa ndinamva munthu akuseka kwa Grey mpaka kutsokomola. Ndinazindikira chifuwacho. Zaka khumi ndi zitatu za ukwati ndinali ndisanawasekepo choncho.

"Munali kuti?" ndinawafunsa atabwera.

"Ndimathandiza alamu."

"Nanga fodya wanu asoke ndani?"

"Ndimangofuna ndimve ngati Duncan amutulutsa."

"Duncan wake uti?"

"Wa m'buku," anatero, osachita n'komwe manyazi.

Ndinayesa. Ndinatenga buku limodzi n'kudzikakamiza masamba makumi awiri, koma pofotokoza m'chigafa ndinasokoneza mayina, ndipo mayi wina anati, "Musiyeni Nachisale adzatiuze bwino." Nachisaleyo ndi Fainala. Ndinabwezera bukulo m'katoni n'kuikaponso nyale.

Tsono inafika Okutobala wa 2008. Makuponi anali ochepa kuposa makomo, ndipo khomo losowa kuponi linkadziwiratu kuti chimanga chake chidzalekezera m'maondo. Mphekesera zinali ponseponse zoti kumidzi ina anthu akulembetsa mayina a akufa ndi a anthu oti sanabadwepo, n'kumalandira matumba m'malo mwawo. Aliyense wogwira cholembera ankamuyang'ana ndi diso limodzi. Ndiye taganizirani mkazi wobwera, amene masana aliwonse ali pansi pa mango ndi kope, ndipo mlangizi amaima pakhomo pake n'kumapatsana zinthu.

Wapampando wa komiti yathu anali a Lucious, bambo wolima ndi aganyu, amene sankapita m'zigafa za anzawo. Tikuchokera ku msonkhano anandikokera pambali.

"Mlembi, anthu akudandaula. Alamu anu aja amalemba chiyani m'kope lija?"

Yankho lake linali la mawu atatu: mabuku amene wawerenga. Linali pakamwa pomwe. Koma ndinakumbukira chifuwa cha a Benjamin chikuseka m'chigafa cha eni.

"Kaya, atcheya," ndinatero. "Ine ndimangoona mayina okhaokha. Ena ochonga."

Sindinaname. Ndakhala ndikudziuza zimenezi zaka zonsezi, ndipo sizinandithandizepo.

Komiti inagwirizana kuti khomo la Grey libadikira kaye mpaka nkhaniyo ikambidwe Loweruka. Ndandanda wa mayina unkayenera kuperekedwa Lachinayi. Ena anaiwala zimenezo, kapena sanaziganizire. Ine sindinaiwale, chifukwa wolemba ndandandawo ndinali ine. Ndinafika pa khomo la Grey, cholembera chinaima pang'ono, n'kudumphira dzina lotsatira. Mumtima ndinkati achite mantha sabata imodzi yokha, aone kuti kulemba kwenikweni ndi kuti. Lachinayi m'mawa ndinapereka ndandandawo.

Loweruka anthu anadzaza pabwalo la tchalitchi. Fainala anabwera kopelo atalikulunga m'chitenje. Atamuuza mlandu wake, anandiyang'ana ine, poganiza kuti ndimuyankhira. Ndinayang'ana mapepala anga.

"Tipatseni kopelo," anatero a Lucious. "Mlembi, werengani."

Ndinatsegula pakati. "Angelina Mwale, wochonga. Olive Kamanga, wothetha. Chikhumbo Mvula, wochonga."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati kuno kulibe Olive Kamanga. Wina anati mwamva, ndi omwe aja. Grey anaimirira.

"Duncan Zimba, wochonga."

"Duncan Zimbayo," anatero mawu kumbuyo, "si uja anamumangira njinga yofiira yoti sanabe?" Anali a Benjamin, amene sanayankhulepo pa msonkhano chibwerereni pamudzi pano.

"Ndiye Olive ndi uja anabisa kalata," anatero mayi wina. "Ameneyo kumuthetha n'koyenera."

Kuseka kunayambira kwa amayi n'kufalikira bwalo lonse. Anthu anayamba kukumbutsana za Angelina, za Chikhumbo, ngati abale awo a ku Joni. A Lucious okha ndi amene anatsala m'mbuyo. Atawafotokozera, anapukusa mutu n'kunena kuti sakufuna zokayikitsa, mlembi ayambire pa tsamba loyamba.

Tsamba loyambalo ndinali ndisanaliwonepo. Ndinawerenga mokweza, ndi pakamwa pangapa: "Nambala 1. La mayi wogulitsa mchere. Andibwereka alamu anga a Louisa. Anati ndi labwino ndipo sananame. Mabuku onse a m'katoni anawerenga kale. Nanenso ndikufuna ndidzafike pamenepo."

Anthu ankasekabe za Duncan. Fainala sankaseka. Ankandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti wayamba kuwerenga nkhani ina.

"Pepani, mayi," anatero a Lucious. "Talakwa. Mlembi, lembani khomo la a Grey."

"Ndandanda unapita Lachinayi," ndinatero.

Grey anandiyandikira, n'kufunsa motsitsa mawu, "Achemwali, kopeli simunkalidziwa inu?" Ndinayamba kusonkhanitsa mapepala anga, ndipo sanafunsenso.

Lolemba Grey anapalasa njinga mpaka ku ofesi ya zaulimi, koma mayina anali atatumizidwa kale ndipo panalibe chochita. Chaka chimenecho munda wa Grey unkaonekera patali, wachikasu pakati pa minda yobiriwira. Ndinapungula theka la thumba langa la feteleza wobereketsa n'kutuma a Benjamin kwa Grey. Anabwerera nalo chomwecho pa njinga, n'kuliika pakhonde. Mu Febuluwale kunalibe fodya wokwanira kuitanira anthu, ndiye Fainala anasoka wake ndi mwamuna wake, awiriwiri. Chimanga chawo chinatha mu Julayi.

Amalume ake a Fainala anawapatsa munda kwa Santhe, ndipo Grey, amene anabweretsa mkazi chitengwa, anapita kukakhala chikamwini. Tsiku losamuka Fainala anabwera atasenza mabuku a m'katoni ija amene anatsalira kwa iye. Anawatula pakhomo, anagwada monga mwa masiku onse.

"Mabuku anu, alamu. Zikomo."

Za kope sanatchule. Linali litatsala kwa ine pamodzi ndi mapepala a komiti, ndipo ndinkadikira kuti alifunse, mwina ndipezerepo ponenera pepani. Anadzuka, anakonza chitenje, n'kupita kukakwera ngolo.

Kuyambira pamenepo a Benjamin amasoka m'chigafa changa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo fodya wathu satenthanso pansi. Timamva singano zokha. Zomwe ndinkafuna ndinazipeza.

Tinaonananso mu 2013 pa maliro a azakhali athu. Anali atanenepa pang'ono, imvi zitayamba. Ndinamva kuti kwa Santhe nako chigafa chake chimadzaza, ndipo ndisaname, mtima unaluma ngati kale. Tikutsuka mbale kuseri ndinalimba mtima.

"Mwafika nambala yanji tsopano, alamu?"

"Kuwerenga ndimawerenga," anatero, akupukuta mbale. "Kulemba ndinasiya. Mayina amavuta."

Kopelo lili m'sutikesi, pamwamba pa setifiketi. Linalekezera pa nambala 163. Ndimalitulutsa masana a Benjamin akapita kumunda. Mayi wogulitsa mchere, malinga ndi mapeto a Fainala, sanakhalitse kwa mwamuna wake koma anatsegula golosale. Duncan anatuluka. Anthu onsewa ndimawadziwa tsopano, ngakhale mabuku awo ali m'katoni ndipo ndimagonabe pa tsamba lachitatu. Buku lokhalo limene ndinaliwerengapo kuyambira koyamba mpaka kumapeto ndi kope la mkazi wa Sitandade 7, ndipo mpaka lero ndimadabwa kuti ankazitha bwanji kumuona munthu yense m'mizere iwiri.

Dzina langa lilimo kamodzi, pa tsamba loyamba. Pambali pake sanachonge, sanathethe. Cholembera ndili nacho, koma pamenepo si polemba ine.