Felistus ndi Makava a Pansi pa Galimoto

Ku komboni ya Kanyama mukafunsa za Felistus Mwaba, ambiri sangakuuzeni nkhope yake. Amadziwa mapazi ake, chifukwa ndiwo amaoneka tsiku lonse atatulukira kunsi kwa galimoto.

Anabadwira ku Matero, m'nyumba ya bambo wosula mbaula ndi ndowa. Mwana wamwamuna munalibe m'nyumbamo, ndiye sizasi ya malata anaigwira ndi iyeyo ali ndi zaka khumi. Pamene anzake ankaphunzira kuluka tsitsi, iye ankapinda lata osaling'amba. Amayi ake ankadandaula kuti manja okhakhala chonchi palibe mwamuna adzawafune. Anawafuna Rodgers, mnyamata wa takisi wa ku Kanyama, ndipo anamutenga.

Rodgers anali ndi kagalimoto kake koyera kochokera ku Japan. Magalimoto amenewa amabwera ndi chivindikiro chachikulu chapulasitiki kunsi kwa injini, chimene amakanika amachitcha kava. Ntchito yake n'kuteteza injini ku miyala ndi madzi, komanso kuti mphepo izidutsa pansipo bwinobwino galimoto ikamathamanga, isamadye petulo wachabe. Koma kuti munthu afike pa bauti yotsitsira oyilo ayenera kuyamba wamasula timabauti tambirimbiri ta kavayo, ndiye amakanika athu ulesi umawagwira. Amangoizula n'kuiponya kumbali, n'kumuuza mwini galimoto ndi nkhope youma kuti zimenezi n'za misewu ya ku Japan, kuno zilibe ntchito. Yendani m'komboni muone nokha. Makava afolera makola a nkhuku, ena atchinga pakhomo kuti madzi a mvula asalowe m'nyumba. Ali paliponse kupatula pamene anawapangira.

Ya Rodgers nayo anaizula. Mvula itafika, madzi anadzaza msewu n'kubisa miyala ija yosongoka imene Kanyama yense anakhalapo. Mwala umodzi unaboola kunsi kwa injini, oyilo anathera m'madzi Rodgers osadziwa, ndipo injini inauma asanafike pa msika. Kagalimotoko sikanadzukenso. Rodgers anakayamba ya ulonda pa sitolo ina ku Kamwala, mwamuna amene kale ankadzuka akuimba muluzu.

Felistus zinamupweteka, ndipo mkwiyo wake sunali wa tsiku limodzi. Anapita ku yadi ya amakanika kumene anataya kavayo, anaipeza ataidula kale pakati. Anatola zidutswazo, anakaziyala pa lata lakale, anajambula ndi msomali n'kuyamba kudula. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Makava ake oyamba anali ochititsa manyazi, ankalira kunsi kwa galimoto ngati ndowa yopanda madzi. Kenaka anazindikira kuti magalimoto a kuno, atagundagunda m'maenje zaka zonsezi, palibe awiri ofanana kunsi. Iliyonse ankailowera yekha ndi katoni, n'kuyeza ndi maso ndi zala bowo lililonse. Ndipo pansi pa bauti ya oyilo anayamba kudulapo kachitseko kakang'ono ka mabauti awiri okha, kuti makanika waulesi asowe chonamizira.

Madalaivala a takisi anauzana. Wina wopita ku Kafue ankalumbira kuti petulo wayamba kumukhalitsa. Felistus ankangoti za mphepozo n'za anthu ophunzira, iye chimene akudziwa ndi miyala. Amakanika anamupatsa kangodya m'yadi muja, pafupi ndi mpanda, ndipo anagwira pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi. Ana ake atatu anakulira pa sizasi imeneyo.

Mavuto anayamba amakanika atasankha tcheyamani watsopano, Clive Kasoma, bambo wamimba amene anasiya kulowa pansi pa galimoto kalekale n'kumangoloza ndi sipanala. Minibasi ina imene Felistus anaiikapo kava inaphulika tayala n'kugwera m'ngalande, ndipo manong'onong'o anayamba akuti mkazi akagona pansi pa galimoto amaisiyira tsoka. Tsoka lanji? Zaka zisanu ndi chimodzi tsokalo linali kuti? Chenicheni n'chakuti madalaivala anali atayamba kugwada n'kusuzumira galimoto isanatuluke m'yadi, n'kumafunsa amakanika kuti kava yanga ili kuti. Funso limeneli linkawawawa.

Kasoma anagamula kuti Felistus azidula malata ake pa ngodya pomwepo, koma kuyeza ndi kumanga azichita mwamuna. Akakana, achoke m'yadi. Felistus anaona pomwepo kuti amuika mpeni kukhosi. Kava yoyezedwa ndi munthu wina singakwane, ndipo ikayamba kulira kunsi, dzina lonyozeka likhala lake. Kuchoka nako kunali kufa ndi njala, chifukwa magalimoto amabwera ku yadi, sabwera kuseri kwa nyumba ya munthu. Kasoma anayesa kudzera kwa Rodgers kuti alangize mkazi wake. Rodgers anangoseka, nati mkazi amene uja iye analephera kumulangiza tsiku la ukwati lomwe.

Msonkhano womaliza nkhaniyi anauika Loweruka m'mawa. Felistus sanadye kanthu tsikulo, mantha anali nawo ndithu. Koma anafika msanga, anapeza Cynthia, nesi wa ku Mtendere amene iye anali atamulonjeza kava, atayimika kale galimoto yake pakati pa yadi. Felistus anaikweza pa jeki, anaikhazika pa zitsa, anamanga chitenje pamwamba pa ovolosi n'kulowa pansi ndi lata lake.

Amakanika anasonkhana pa mabenchi, anthu ngati makumi awiri. Anadikira. Kunsi kwa galimoto kunkangomveka hamala. Kasoma anatuma mawu kuti msonkhano wayamba, koma mapazi aja sanasunthe. Ananyamuka yekha, anakaima pambali pa galimotoyo.

"Ba Felistus, chokani pansi pa motoka. Banthu bakuyembekezani."

"Nili pa nchito, ba cheyamani. Kambani chabe, nimvela."

Wina anakuwa ali pa benchi kuti amukoke miyendo. Mawu anatuluka, koma wonyamuka panalibe. Ndani angagwire mwendo wa mkazi wa mwini dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa gulu? Mlandu wake ungathere kwa ankhoswe, ndipo kunyumba kwako komwe sungakagone. Kasoma anatembenukira kwa Cynthia n'kumupempha mwaulemu kuti achotse galimoto yake. Cynthia anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumufunsa ngati akufuna kuti aitsitsire pa chifuwa cha munthu. Anatsegula ambulera yake n'kukhala pa tayala lakale.

Apa Kasoma anagwira njakata. Kuweruza mapazi a munthu sikutheka, ndipo amayi ogulitsa tomato kunja kwa mpanda anali atayamba kale kusuzumira n'kumaseka. Anawerama, mimba inamuletsa. Anagwada, koma ankangoona chigongono. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Anavula jekete, anayala katoni, anagona chagada n'kudzikankhira pansi pa galimotoyo akubuula, kuti akanene chigamulo chake maso ndi maso.

Kunsiko anapeza Felistus atachirikiza lata ndi bondo ndi mkono umodzi, mabauti awiri ali m'kamwa, thukuta likutsikira m'makutu. Kasoma anatsegula pakamwa kuti ayambe, koma maso ake anali atapita kale pa ntchitoyo. Ulesi unalipo, koma umakanika sunamuchoke. Anaona mmene lata linapindikira kutsatira chitsulo chilichonse, mpata umene anausiyira paipi ya utsi kuti isatenthe, ndi kachitseko kaja kali ndendende pansi pa bauti ya oyilo. Anakakhudza ndi chala.

Felistus analavulira mabauti aja m'dzanja.

"Motoka ya bamuna banga inafela mu yadi muno, siku yamene banaichosa kava, ba Kasoma. Palibe mukazi anagonapo pansi pake. Manje ngati nivo mwabwelela, nichoseni na manja yanu. Ngati simuzanichosa, gwilani apa, lata yalema."

Kunja onse a pa mabenchi ankayang'ana mapazi anayi atandandalika kunsi kwa galimoto ya nesi. Kenaka Kasoma anakweza manja ake onse awiri n'kuchirikiza latalo.

"Kwezani pang'ono. Musagwedeze."

Anakweza, ndipo sanagwedeze. Felistus anamanga bauti yoyamba, yachiwiri, mpaka yomaliza, osafulumira ngakhale pang'ono, tcheyamani atachirikizabe latalo pamwamba pa nkhope yake. Atatuluka onse awiri, Kasoma anadzikuntha fumbi nthawi yaitali osayang'ana munthu. Wa pa benchi uja anafunsa kuti nanga chigamulo n'chotani. Kasoma anamukalipira kuti kodi alibe ntchito yogwira Loweruka lonseli, ndipo anthu anabalalika mmodzimmodzi.

Mpaka lero palibe amene anamuuza Felistus kuti waloledwa kukhala, ndipo iye sanafunsepo. Lolemba lake anafika m'mamawa monga mwa masiku onse, anayala katoni yake n'kulowa pansi pa galimoto yoyamba.