Madzi Oyenera Mlendo

Ndinali mtolankhani ku Mangochi masiku amene munthu sankalowa mumsika popanda khadi la chipani. Kuseri kwa hotela ina ya kunyanja kunali madamu olandira zonyansa za m'zimbudzi. Ankati madzi akakhalitsa m'menemo amayera. Amene ndinawaona ine ankatuluka obiriwira, akununkha ngati mazira owola, n'kutsata khwawa lodutsa pafupi ndi chitsime cha mudzi.

Mayi wina wowamba nsomba anakadandaula kuchipatala. Ana ake ankatsegula m'mimba mosalekeza, ndipo ankafuna kuti chitsimecho chikwiriridwe, akumbe china kumtunda. A zaumoyo anatuma bwana woyeza madzi, ine n'kukwera nawo galimoto.

Ntchitoyi lamulo lake ndi lophweka: umatunga wekha, pamene anthu amatunga. Koma bwanayo anavala tayi ndi nsapato zopolisha. Ataona matope anakhala pampando patsinde pa mango.

Tcheyamani wa chipani anali atakonzeka. Amayi anasesa, anaimba, anavina. Tcheyamaniyo analandira mabotolo a bwanayo ndi manja awiri n'kuzungulira nawo kuseri kwa nyumba. Ndinamutsatira. Ankawadzaza onse, a chitsime ndi a khwawa omwe, kuchokera mu mgolo umene unabwera pangolo, wa madzi a pamjigo wa pamzikiti, kumudzi wina kutali.

"A Tcheyamani, amenewo si a m'chitsime," ndinatero.

"Mlendo wa boma timupatse madzi onunkha? Kwanu mumatero?"

"Sakumwa. Akukayeza."

"Amwe, ayeze, madziwo akupita kulikulu. Akamva fungo adzafunsa kuti tcheyamani wake ndani."

Mayi uja anabwera ndi madzi a m'chitsime m'chigubu, nagwada.

"Bwana, tengani awa. Ndiwo timamwa."

Bwanayo anamuyankha kuti chigubu chosawiritsa sichilowa mu labotale. Zimenezo zinali zoona, ndipo anazinena monyadira, ali chikhalire.

Zotsatira zinati madzi ndi abwino kwambiri. A m'chitsime ndi a m'khwawa anafanana ngati mapasa, ndipo ku ofesi kunalibe amene anadabwa. Chitsime chinasiyidwa chomwecho.

Mayiyo ndinakumana naye pamsewu atasenza katundu, ana ali pambuyo. Anali atasiya ng'anjo zake zowambira nsomba, akusamukira kwa mlongo wake pafupi ndi mzikiti uja.

"Mukuthawa chiyani, mayi, poti boma lati madzi ndi abwino?"

"Sindikutsutsa boma, achimwene," anatero. "Ndikutsata madzi amene linayezawo."