Pachipatala pathu tasiya kufuula maina

Lachitatu ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono kukaonetsa bondo, ndipo ndinabwerako ndikuseka ndekha panjinga.

Chinandisangalatsa n'chiyani? Dikirani ndiyambire kumbuyo.

Ine ndili m'komiti yolangiza pachipatalapo. Mwezi watha kumsonkhano wathu kunabwera Tusekile, telala wa ku Lufita. Anabadwa mwamuna, koma amadzimva kuti ndi mkazi, ndipo amavala ndi kukhala choncho. Amadwala shuga, koma anali atasiya kudzatenga mankhwala.

"Akuluakulu," anatero, "kalaliki akafuula dzina lachimuna la m'kabuku kanga, ine n'kudzuka nditavala chitenje, benchi yonse imafa ndi phwete. Bola kudwalira kunyumba."

Mapazi ake anali atatupa moti anabwera atavala patapata.

A Kayange, mkulu wa mpingo, anakhosomola. "Ndiye tisinthe kachitidwe chifukwa cha munthu mmodzi?"

"Bambo, shuga safunsa kuti munthu wavala chiyani," anayankha mayi Phiri, namwino wochokera ku Dedza. "Ine ndikufuna wodwala wanga abwerere."

Tinakangana mpaka tiyi anazizira. Nzeru anabwera nayo ndi mwiniwake, Tusekile: "Bwanji muzingoitana manambala?"

Tinadula katoni, tinalemba manambala, basi.

Ndiye Lachitatulo kalaliki anaitana, "Nambala naini!" Tusekile anadzuka, analowa, anatuluka ndi mankhwala ake. Palibe ngakhale mmodzi amene anacheuka. Amayi awiri anamuimitsa pakhomo, koma nkhani yake inali yofunsa ngati angawasokere madiresi a ukwati.

A Kayange anali pamzere womwewo, atagwira nambala yawo ngati tikiti ya basi. Anandinong'oneza kuti, "Maganizo anga sanasinthe, komatu izi n'zabwino. Kale akafuula dzina langa, mudzi wonse unkadziwa chitseko chimene ndalowa." Tusekile podutsa anawapatsa moni, iwo n'kuyankha m'Chitumbuka, "Yewo, mwana wane."

Abale, m'dziko muno makomiti olangiza ndi mbwee: a zaumoyo, a sukulu, a madzi. Timakhala pamipando n'kumakambirana za anthu ngati Tusekile iwo kulibe, ena powaopa, ena powanyoza. Pajatu mutu umodzi susenza denga, ndipo amene amadziwa pomwe denga likudontha ndi wogona m'nyumbamo.

Mungagwirizane ndi Tusekile kapena ayi, chipatala cha boma ndi chakenso.

Nanga komiti yanu, pamsonkhano wapitawu, munamusiyira mpando ndani?