Pepala la Mayi Tsuruoka

A Genzo Hatanaka anayamba kusema matabwa osindikizira zithunzi ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo mpaka imvi zinatuwa m'mutu dandaulo lawo linali limodzi: anthu sadziwa ntchito. Azungu ankabwera kwawoko ku Asakusa kuchokera ku Faransa, n'kuima kukamwa yasa akuyang'ana chithunzi cha mvula, kutama wojambula, ati akatswiri akwawo anaphunzira pamenepa. Wosema amene anatulutsa timizere ta mvulayo, topyapyala ngati tsitsi, sankamufunsa ndi dzina lomwe. Komatu a Hatanaka nawonso anali otopetsa. Zimene ankadziwa iwo ankayesa kuti dziko lonse limazidziwa, ndipo kufotokoza ankakuona ngati kutaya malovu. Akazi awo anayesa kuwalangiza mpaka anagwa ulesi.

Tsiku lina kunabwera Mayi Tsuruoka, mayi wamasiye wogulitsa ndiwo zamasamba pakona. Anamasula kansalu n'kutulutsa pepala lopyapyala. Panali nkhope yawo ali mtsikana, yojambulidwa ndi malemu amuna awo, ndipo ndi chokhacho chimene anathawa nacho pamene moto wa nkhondo unapsereza nyumba yawo. Ankafuna zithunzi zitatu zofanana nalo, za ana awo aakazi atatu.

"Mundisamalire, a Hatanaka. China ndilibe."

"Mm," anayankha a Hatanaka, maso ali pamizere.

Mm! Munthu wamkulu ndithu, kulephera kunena mawu awiri okha owachenjeza. Ntchitoyi chiyambire imayenda chonchi: wosema amapaka phala la mpunga pathabwa, n'kumata pepalalo chafufumimba. Kenako amapekesa kumbuyo kwake ndi chala mpaka mizere ionekere, n'kudula ndi mpeni motsata mizereyo. Pepala limathera pomwepo. A Hatanaka anachita zomwezo, masiku asanu ndi anayi, msana uli kuwawa. Anasema bwino kuposa kale lonse, ndipo iwo eni ankadziwa.

Mayi Tsuruoka ataona zithunzi zitatuzo anasangalala, nawerama kambirimbiri kuthokoza. Atatha anayala kansalu kaja n'kupempha pepala lawo. A Hatanaka anawayang'ana modabwa, naloza dengu la zinyenyeswa pansi pa tebulo.

"Mayi, ndani sadziwa kuti pepala silibwerera? Ngakhale la katswiri wamkulu timalidula."

"Ine ndimagulitsa anyezi, bambo inu. Ndikanadziwira kuti?"

A Hatanaka anapsa mtima. Anayamba zawo zija, kuti anthu sadziwa ntchito, kuti mzere uliwonse wa malemuyo uli pathabwa, sanataye ndi kamodzi komwe, aone okha ngati akukayika. Mayiwo anawaleka mpaka mpweya unawathera, kenako anafunsa motsitsa mawu za zolemba zakumbuyo. Amuna awo analembako mizere inayi tsiku limene ankapita kunkhondo.

A Hatanaka anakumbukira. Panalidi timadontho takuda tina timene tinkawasokoneza kuona nkhope, ndipo anayambira tomweto kupekesa.

"Mawu ake ndimawadziwa pamtima," anatero mayiwo. "Koma dzanja lawo lija."

Manyazi anawagwira a Hatanaka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi asanu anasowa womudandaula. Mayi Tsuruoka anatola chithunzi chimodzi n'kuchitembenuza, koma kumbuyo kunalibe kanthu. Anatembenuza chachiwiri, kenako chachitatu.